Diso la a Hedi

Atsibweni anga a Simiyoni, amene anthu kuyambira ku Nsaru mpaka ku Kabudula ankawadziwa ndi dzina loti a Hedi poti anali mphunzitsi wamkulu, tinawaika m'manda Loweruka lapitali. Pamaliropo analankhula anthu asanu, ndipo palibe amene ananama. Ndi zoona kuti anaphunzitsa ana zaka zoposa makumi atatu, ndi zoona kuti anali mkulu wa mpingo wosajomba, ndi zoonanso kuti mowa sunadutsepo pakhosi pawo. Koma onse asanuwo nkhani ya diso anailambalala ngati chitsa cha panjira. Ine Esinati, mwana wa mlongo wawo, ndi amene ndinapita nawo kuchipatala maulendo onse, ndipo zimene ndinamva kumeneko ndakhala nazo m'kamwa zaka khumi ndi ziwiri.

Anali munthu wamtali, wowonda, woongoka ngati nsungwi. M'thumba la malaya simunkasowa cholembera chofiira, ngakhale atapuma ntchito zaka zochepa matipati atayamba. Kalata yochokera kwa mwana wawo yemwe ankaiwerenga cholemberacho chili m'manja, n'kuibweza kwa mwini wake itadzaza mizere yofiira, yankho osalemba. Pamsonkhano wa banja ankalankhula pomaliza, ndipo akatha ankangoimirira n'kumapita, kusonyeza kuti nkhani yatha. Monga mwinimbumba, minda yonse ya alongo awo, kuphatikizapo ya mayi anga, inkagawidwa ndi pakamwa pawo. Ankakonda kunena kuti chifundo chimaononga mwana monga mmene mvula yochuluka imaonongera fodya, kutinso kupepesa ndi ntchito ya wamng'ono. Za matenda ankati munthu sadwala chabe, wodwala aliyense pali pamene anapusa.

Sindiwalanda zabwino zawo. Aphunzitsi ndi anamwino ambiri ochokera dera lino anadutsa m'manja mwawo. Mwana akajomba chifukwa makolo amutsekereza kumunda wa fodya, iwo ankapalasa njinga mpaka kumundako n'kukamutenga, bambo wake akuyang'ana. Koma chilichonse chabwino ankachichita ngati chilango. Ngakhale abusa ankawaopa. Tsiku lina kwaya ya achinyamata itabweretsa kiyibodi m'tchalitchi, iwo anadzuka nyimbo ili pakati, anatuluka panja n'kukazimitsa jenereta, kenako anabwerera pamalo pawo ngati sipanachitike kanthu.

Amene anaphunzira kwa iwo amakumbukira maina amene ankapatsa ana. Wachibwibwi anali Wailesi, wotsimphina anali Ngolo. M'kalasi mwathu munali mtsikana, Velonika, amene anabadwa ndi diso lopotoka. Akamuloza kuti ayankhe funso, ankayamba amufunsa ngati akuyang'ana iwo kapena pazenera, n'kudikira kuti kalasi yonse iseke kaye. Amene sanaseke ankafunsidwa ngati ali ndi vuto la makutu. Velonika anasiyira sukulu Sitandade 6.

Mkangano waukulu wa moyo wawo unali wa ukwati wa Yohane, mwana wawo yekhayo wamwamuna. Yohane anakonda Asiyatu, mwana wa Msilamu wina amene anali ndi sitolo ya nsalu pa Nsaru. A Hedi anakana chaka chathunthu. Mtsikanayo analowa kalasi, anabatizidwa, anapirira kunenedwa ndi abale ake, koma pa tsiku la ukwati iwo anakhala m'tchalitchi atapinda manja, osaimba nyimbo ngakhale imodzi. Yohane anamanga nyumba pafupi ndi ya bambo ake n'kubweretsa mkazi wake. Kuyambira pamenepo sindinawamvepo akumutchula dzina. Ankangoti "wa kusitolo uja." Akazi awo atamwalira, Yohane n'kupita ku Joni kukafuna ntchito, wa kusitolo yemweyo ndi amene ankawaphikira, kuwachapira ndi kuwasitira malaya a Lamulungu.

Ndi Asiyatu amene anayamba kuona kuti china chake sichili bwino. Anandiuza tsiku lina tikuchokera kuchigayo.

"Alamu, abambo akumwa madzi ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo kuseri akupitako pafupipafupi. Bambo anga anayamba chonchi asanawapeze ndi shuga. Tawauzeni inuyo akayezetse, ine sangandimvere."

Ndinawauza. Anandifunsa kumene ndinaphunzira udokotala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Patapita miyezi iwiri, Lamulungu lina, atamaliza kuwerenga zolengeza anadzutsa mutu n'kuona mpingo wonse uli pawiri, munthu aliyense ali ndi mnzake wofanana naye pambali. Pobwerera kunyumba anagwera m'ngalande, poti njira zinali ziwiri ndipo iwo anasankha imene kunalibe. Mmawa mwake anathira tiyi pambali pa kapu. Diso lawo lamanzere linali litakhotera mkati, kuloza kumphuno, ndipo akafuna kuyang'ana kumanzere linkangoima pakati osapitirira. Kuti aone munthu mmodzi ankachita kutembenuzira nkhope yonse kumanzere n'kumuyang'ana chammbali ngati nkhuku.

Anadzitsekera m'nyumba masiku anayi. Atavomera kutuluka, kuchipatala chaching'ono cha kwathu anatilembera kalata yopita kwa madokotala a maso ku Lilongwe. Tikudikira minibasi pa Nsaru, mayi wina wogulitsa tomato anasiya malonda ake n'kubwera kudzawapatsa moni. Anali Velonika. Anagwada mwaulemu wonse, n'kuwayang'anitsitsa.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Kodi mukuyang'ana ine kapena kumsewu?"

Amayi a pamsika anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Atsibweni anangokakwera minibasi. Ndikaganiza lero ndimaona kuti zonse zimene zinatsatira zinabadwira pamsika paja.

Dokotala wa maso anali mayi wachitsikana, msinkhu wa ana amene iwo ankawakwapula. Anawauza kuti asagwedeze mutu, atsatire cholembera chake ndi maso okha, kumanja, kumanzere, m'mwamba, pansi. Anatseka diso limodzi ndi kakhadi, kenako linalo, n'kumafunsa ngati zinthu ziwirizo zikuoneka mbali ndi mbali kapena china pamwamba pa chinzake, ndiponso ngati zimatalikirana akayang'ana kutali. Anawaunika ndi tochi kuti aone ngati mboni ya diso ikuchepa ndi kuwala, anadontheza mankhwala n'kusuzumira mkati. Anafunsa ngati anagwapo n'kumenyetsa mutu, ngati akusanza, ngati dzanja kapena mwendo wachita dzanzi, ngati anatenthapo thupi khosi n'kuuma. Kenako anatitumiza kokayezetsa magazi.

Titabwerako ndi mapepala, anafotokoza pang'onopang'ono.

"Bambo, diso lanuli lilibe vuto, likuona bwinobwino. Diso limakokedwa ndi timinofu uku ndi uku, ngati ng'ombe ziwiri pagoli. Timinofuto timalandira mawu kuchokera ku ubongo kudzera m'mitsempha itatu. Mtsempha umene umauza diso ili kuti lipite kunja wafooka, ndiye kamnofu ka mbali ya mphuno kakukoka kokha. Maso awiri akaloza kosiyana, munthu amaona ziwiri."

"Chaufoola n'chiyani?" anafunsa atsibweni.

"Ena ndi ngozi ya mutu, ena chotupa kapena matenda a mu ubongo. Inu zizindikiro za zimenezo mulibe. Inu ndi shuga, wakwera kwambiri, komanso magazi akuthamanga. Ziwirizi zimatseka timitsempha ta magazi timene timadyetsa mtsempha umenewu. Chabwino chake n'chakuti wotere kawirikawiri umachira wokha. Tiupatse miyezi itatu. Muzimwa mankhwala, musiye shuga mu tiyi, ndipo muphimbe galasi limodzi la mandala anuwa kuti musamagwe. Likapanda kusintha tidzajambula mutu. Pali magalasi ena olumikiza zinthu ziwirizo kukhala chimodzi, palinso opaleshoni, koma sindikuganiza kuti tidzafika kumeneko."

"Ndiye wandidwalitsa ndani?"

"Palibe, bambo. Ndi thupi lanu lomwe."

Tili pa depoti anandigwira pamkono.

"Iwe Esinati, za kuchipatala zatsala kuchipatala. Wamva?"

Ndinavomera, poganiza kuti ndi manyazi chabe a munthu amene moyo wake wonse wakhala akunena kuti wodwala ndi wopusa. Asiyatu yekha ndinamuuza zoona tsiku lomwelo, popeza ndiye ankaphika.

Aliyense wobwera kudzazonda ankamuuza mawu amodzimodzi, kuti madokotala ayeza diso n'kupeza kuti lilibe vuto. Sanali kunama, dokotala ananenadi zimenezo. Koma kwathu kuno chipatala chikalephera kupeza matenda, aliyense amadziwa tanthauzo lake. Mankhwala ankamwa mobisa, atawakhuthulira m'kabotolo kopanda dzina. Asiyatu anasoka kansalu kakuda kovalika pagalasi lamanzere, anasiya kuwathirira shuga mu tiyi, anachepetsa mchere ndi mafuta m'ndiwo. Iwo ankauza alendo kuti chakudya cha pakhomo pano chasintha kakomedwe, sakudziwa chimene chikuthiridwamo.

Mkulu wa mpingo sangapite kwa sing'anga, ndipo sangaloze munthu kuti ndi mfiti. A Hedi sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Pa mapemphero a mlaga, amene akhristu a m'mudzi mwathu ankachitira pakhomo pawo Lachinayi masana, anapempha kuti awapempherere. Kenako ananena mofatsa kuti Mulungu wawalola kuona anthu awiriawiri pofuna kuwaphunzitsa kanthu, kuti alipo anthu amene alidi awiri, wina wa m'tchalitchi, wina wa kumene anachokera. Asiyatu anali atagwada cha pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Mitu yonse inatembenukira kwa iye.

Kuyambira sabata limenelo amayi ankachoka pamjigo iye akafika. Mwana wake Tamanda, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anzake anayamba kumuthawa kusukulu. Asiyatu ankayesa kunena za shuga, koma anthu ankafunsana kuti iye wawadziwa bwanji matenda amene madokotala awalephera.

Sabata la khumi tinabwerera kuchipatala. Dokotala anayendetsa cholembera chake kumanzere, ndipo diso lija linachitsatira pafupifupi mpaka kumapeto.

"Mwaona? Mtsempha ukudzuka. Masabata awiri kapena atatu kansaluka mudzakataya. Koma mankhwala a shuga musadzasiye, chifukwa zikhoza kudzagwira mtsempha wina."

Ndinasangalala, ndinati Asiyatu wapulumuka. Atsibweni anabwezera kansalu pagalasi tisanatuluke pachipata, ndipo kunyumba anauza anthu kuti zikuipiraipira.

Anadikira masabata awiri. Kenako anaitana abale, anaimbira Yohane foni atakweza mawu ake kuti tonse timve, n'kumuuza kuti asankhe pakati pa kusunga mkazi ndi kudzaika maliro a bambo ake. Yohane analira, n'kunena kuti mkaziyo ayambe wapita kwawo mpaka iye adzabwere. Lachitatu Asiyatu anakweza katundu wake pangolo. Asananyamuke anabwera kwa ine, anthu onse akuona.

"Alamu, inu munalipo kuchipatala. Tangonenani zimene dokotala ananena."

Ndinayang'ana kwa atsibweni. Anali atakhala pampando wawo, diso lamanja lili pa ine, ndipo anafunsa mayi anga, mokweza pang'ono, ngati chaka chino akufunabe kulima dimba la kudambo. Ndinati Chingerezi chinachuluka, sindinamve zonse. Dokotala uja sanalankhule ngakhale liwu limodzi la Chingerezi.

Lamulungu lotsatira a Hedi anaimirira kutsogolo kwa mpingo, anavula mandala, anasolola kansalu kakuda kaja n'kukaponya pansi. Anayendetsa maso kumanja ndi kumanzere, onse awiri pamodzi, oongoka ngati sanadwalepo. Amayi analulutira. Iwo anangonena kuti papita masiku anayi okha chiyeretsere pakhomo pawo, mpingo uweruze wokha.

Mbiri inamutsatira Asiyatu ku Nsaru. Anthu ankabwerera pakhomo la sitolo akaona kuti pakauntala pali iye, ndipo abale ake, amene anamuchenjeza kale za ukwatiwo, sanamulandire ndi manja awiri. Yohane sanabwere chaka chimenecho ngakhale chotsatira. Anakwatira wina ku Joni konko. Asiyatu anasamukira ku Msundwe ndi Tamanda, kumene anthu sankamudziwa.

Bodzalo linamanganso eni ake. Munthu amene wachira chifukwa chochotsa mfiti alibe chokachita kukiliniki ya shuga mwezi ndi mwezi, kumene anthu a m'mudzi momwemo amakhala pamzere. Mankhwala atatha sanapitenso. Tiyi anabwerera ku masupuni atatu. Ndinawakumbutsa kamodzi mawu a dokotala, iwo n'kundiyankha kuti munthu wosamva Chingerezi asawaphunzitse za chipatala.

Patatha zaka zinayi anadzuka chikope chamanja chitagwa, diso litatsekeka. Nditachikweza ndi chala ndinapeza disolo litathawira kunja ndi pansi. Tinapitanso ku Lilongwe. Dokotala wina anafulumira kuunika mboni ndi tochi, n'kutiuza kuti ikanakhala yokula, yosamva kuwala, akanawatumiza kokajambula mutu tsiku lomwelo, chifukwa nthawi zina zimatanthauza kuti mtsempha wa magazi watupa mu ubongo ndipo ukhoza kuphulika. Yawo inali bwino. Unali mtsempha wina mwa itatu ija, choufoola n'chomwecho. Koma ulendo uno dokotala atasuzumira mkati mwa maso anapezamo zina. Shuga anali atadya kale kumbuyo kwa maso onse awiri. Chikope chinadzuka patapita miyezi, koma kuona kunapitirira kuchepa chaka ndi chaka.

Pakhomo panalibenso mlendo woti amuloze. Anayesa kuponyera mawu mayi anga, koma anthu anali atatopa nawo, ndipo ena anayamba kunong'ona kuti wa kusitolo uja akubwezera ali kutali. Ngakhale kudwala kwawo kwachiwiri anakusenza ndi Asiyatu yemweyo. Zaka zomaliza ankangokhala pampando, akukalipira aliyense wowabweretsera chakudya kuti mchere wachepa. Mwezi watha, impso zitayamba kukanika, ndinawafunsa tili awiri ngati ndingakaitane Asiyatu ndi Tamanda. Ine ndinkaganiza kuti alimbana nazo mumtima. Koma anangofunsa kuti Asiyatu ndi ndani. Mutu wawo unali wabwinobwino. Mmawa womwewo anali atandikonza mawu awiri pamene ndinkawawerengera Baibulo.

Maliro atatha ndinakwera minibasi kupita ku Msundwe. Ndinamupeza Asiyatu pakhonde la sitolo ya eni, akupalasa makina osokera, imvi zitayamba kutuluka m'mbali mwa duku. Ndinamuuza za imfayo. Ndinamuuzanso kuti Yohane, amene anabwera kumaliro, ndamufotokozera zonse, za miyezi itatu ija, za kansalu, za Chingerezi, ndipo kuti ndine wokonzeka kukanena pamaso pa mpingo.

Sanaimitse makina.

"Mukanene kwa ndani, alamu? Kwa amene anaona diso likuongoka aja? Anaona ndi maso awo. Inu mungokakhala munthu wonyoza wakufa." Anadula ulusi ndi mano. "Tamanda akamva dzina la mudzi wanu amatuluka panja. Tsiku lija ndinkafuna mawu anu atatu okha. Lero ndilibe powaika."

Anandipatsa madzi akumwa, n'kundifunsa ngati ndabwera ndi chosoketsa.

Dzulo ndinapita ndi mayi anga kukasesa pakhomo pa atsibweni. Yohane anakhoma loko panyumba n'kubwerera ku Joni. Pakhonde patsala timabowo tinayi pamene miyendo ya mpando inadya dothi. Nyumba ya Asiyatu inagwa kalekale, poti malata ake atsibweni anafolerera khola la mbuzi, ndipo pamalo pake pali mulu wa njerwa womera chisoso. Pakati pa nyumba ziwirizi pali mtengo wa mapeyala umene iye anabzala chaka chimene anabadwa Tamanda. Wabereka mpaka nthambi kugunda pansi, koma palibe mwana wa m'mudzi muno amene amaukwera. Mapeyala amagwa okha n'kuolera pomwepo. Ndinatola limodzi lakupsa bwino n'kulimanga m'chitenje. Mayi anga anasiya kusesa n'kundiyang'ana.

"Ukudziwa amene anabzala umenewo, eti? Taya."

Ndinataya.